Yuniyoni ya ophunzira pa TTC yathu: kashopu ndi kukafi anayesetsa, koma a ku TP anatitaya

Amene mwasankhidwa kumene kupita ku TTC, koleji yophunzitsa aphunzitsi, mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti kodi ndalama ya yuniyoni ija amatolera mukangofika imagwira ntchito yanji, kapena imangodyedwa ndi anyamata a makampeni. Nde ndati ndilembe kamodzi basi aliyense awerenge. Dzina la koleji sinditchula, ingodziwani kuti ndi imodzi mwa ma TTC aboma, ndipo anthu amene ndikuwakamba pano ena ndi anzanga mpaka lero, timaimbirana. Yuniyoni ndi ntchito imene tinalipira, tinalipiradi ndalama zathu, ndiye wolipira ali ndi ufulu wonena ngati wakhutira kapena ayi. Pa 5 ndikuwapatsa 3. Zapakoleji anagwira bwino kuposa mmene ndimayembekezera, koma titangotuluka pageti kupita ku TP, kokayeserera kuphunzitsa m'sukulu za pulayimale, anatiiwala, chonsecho kumeneko ndi kumene timawafuna kwambiri.

Kuti mumvetse gwero la vutoli muyenera kudziwa kaye mmene IPTE, kosi ya uphunzitsi wa pulayimale, imayendera. Kale unkakhala chaka chimodzi pakoleji kenako chaka chinacho chathunthu kusukulu ya pulayimale. Atasintha silabasi mu 2017 inakhala 2-2-2, materemu awiri pakoleji, awiri ku TP, awiri omaliza kubwereranso pakoleji kudzamaliza ndi mayeso a MANEB. Kumbali ya maphunziro ndi zabwino zedi, umabwerera uli ndi mafunso enieni chifukwa waima kutsogolo kwa ana odzaza kalasi mpaka pakhomo ndipo waona zimene zimakanika. Koma kumbali ya utsogoleri wa ophunzira dongosolo limeneli limadula zinthu pakati. Tawerengani nokha mmene zinayendera kwathu. Ife tikufika teremu yoyamba, akuluakulu athu a chaka chachiwiri ali kumidzi ku TP. Teremu yachiwiri abwera, tili tonse. Teremu yachitatu ife tanyamuka iwo atsala. Ndiye kuti magulu awiriwa amakhalira limodzi teremu imodzi yokha pachaka, ndipo chisankho, kupatsana mabuku a ndalama, kuphunzitsana ntchito, zonsezo ziyenera kutheka mu miyezi itatu imeneyoyo apo ayi zatayika.

Titafika ife shopu ya yuniyoni inali yotseka, loko pakhomo, makiyi ali kwa a dini oyang'anira za ophunzira. Panali kakomiti kongogwirizira kosankhidwa mwa oimira makalasi, anzathu omwe ongofika kumene osadziwa ngakhale kumene ofesi ya a besa osunga ndalama za koleji ili. Teremu imeneyo palibe chimene ndinganene kuti ndalama yathu inachita, kupatula disiko yotilandira. Sopo kukagula kunja kwa mpanda, fotokope kukwera kabaza mpaka pamsika.

Zinthu zinayamba kusintha teremu yachiwiri chisankho chitachitika, ndipo munthu amene anasintha zinthu sanali pulezidenti ayi, anali msungichuma, mtsikana wa chaka chachiwiri wosalankhulalankhula amene pa kampeni anthu sanamuombere m'manja nkomwe. Anatsegula shopu ija. Ndi kachipinda kamodzi pafupi ndi holo, zenera la mabagila pogulitsira, mashelefu amatabwa, firiji yakale imodzi. Katundu wake anamuganizira bwino, sanangodzaza mabisiketi ndi zakumwa. Munali sopo, shuga wopima m'timapepala, mchere, machesi, makandulo, mapadi, mayunitsi, ndiponso zinthu zimene wophunzira zauphunzitsi sangakhale opanda: makope akuluakulu olembamo masikimu ndi malesoni pulani, mapepala a manila, mamaka, guluu, selotepi, malula. Mandasi ndi zitumbuwa ankabweretsa amayi ena a m'mudzi wapafupi m'mawa uliwonse zisanazizire. Airtel Money ndi Mpamba zinalipo, ngakhale kuti fuloti inkawathera kawirikawiri makamaka kumapeto kwa mwezi makolo akatitumizira tonse nthawi imodzi. Mitengo inali yofanana ndi yapamsika, pena kutsikirako pang'ono, nde ukachotsera ya kabaza umaona kuti wapulumutsapo.

Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi pepala la manila limene ankamata pa notisi bodi Lolemba lililonse. Lolembedwa ndi dzanja, mizere yojambula ndi lula, malembo aja okongola ophunzitsira Sitandade 1. Katundu woodedwa sabata yatha ndi wa ndalama zakuti, wogulitsidwa zakuti, fotokope yalowetsa zakuti, tagula tona zakuti, ngongole zimene anthu sanabweze zakuti, zotsala m'thumba zakuti. Pansi pake siginecha yake ndi ya mlembi. Malisiti onse amakhala mu faelo ya pulasitiki mushopu momwemo ndipo aliyense amatha kupempha kuti aone, ine ndinaonapo anyamata ena okayikira atakhala pabenchi panja kuwonkhetsa malisiti aja pafoni mpaka kugwedeza mutu kubweza faelo. Kung'ung'udza konse kuja kwakuti a yuniyoni akudya ndalama kunatha popanda msonkhano. Panalinso kope ya ngongole, malire ake ochepa, ukafika pamalire sapereka china mpaka ubweze, ndipo mayina a angongole sankawamata pagulu. Amene munakhalapo pa boding'i sopo atakutherani pakati pa teremu mukudziwa kuti kakope kameneko ndi ulemu wa munthu.

Pakona ya shopu anaikapo katoni yaikulu yotayamo zitsekero za mabotolo, makatoni ang'onoang'ono, mabotolo apulasitiki, zingwe za matumba. Zaulere, wofuna amatenga. Alekichala athu samatha sabata osatchula TALULAR, zoti mphunzitsi azipanga zipangizo zophunzitsira kuchokera ku zinthu zopezeka pamalo pomwepo, nde katoni ija inatithandiza kwambiri pa ma asainimenti a masamu ndi a sayansi. Palibe tambala imene inalowapo, kungoganiza basi.

Zofooka za shopu zilipo ndipo ndizinene. Ogulitsa anali ophunzira anzathu osinthana, ndiye ikakwana nthawi ya kalasi shopu yatsekedwa, ukafuna pepala la manila 10 koloko m'mawa udikire mpaka nkhomaliro. Chenje kunalibe, amakupatsa maswiti kaya ukuwafuna kaya ayi. Choipitsitsa ndi makina a fotokope. Anali amodzi, akale, okonda kumeza mapepala, ndipo tona amatha nthawi imene aliyense akufuna kupereka asainimenti chifukwa amadikira athe kaye kenako ndi pomwe wina akwere minibasi kukagula mtauni. Magetsi akazima palibe chimene chimatheka, shopu sinalumikizidwe ku jenereta yakoleji. Anthu anapempha kangapo kuti tona azigula awiri wina azikhala posungira, yankho linali lakuti thumba silikukwana, koma thumba lomwelo linkakwana kulipira DJ. Ndibweranso pa nkhani imeneyi.

Kukafi ndi kumene ma yuniyoni ambiri amagwera kapena kudzukira, chifukwa njala siinama. Chakudya chake mukuchidziwa, phala m'mawa, nsima ndi nyemba, kabichi, soya pisesi, pena usipa, nyama mwa apo ndi apo. Yuniyoni siigula chakudya, imeneyo ndi ntchito ya akuluakulu a koleji ndi amene anapatsidwa mwayi wobweretsa katundu. Chimene komiti ya zakudya inachita ndi kupempha chilolezo choti wophunzira mmodzi azikhalapo galimoto ikamatsitsa matumba komanso akamatulutsa ufa ndi ndiwo musitolo m'mawa. Zikumveka zazing'ono koma ndi zimene zinathetsa nyemba zofumbwa. Tsiku lina mnyamata wa komitiyo anapisa dzanja m'thumba, kutulutsa nyemba zobowokabowoka anankafumbwe akuyenda pachikhatho, sanakuwe, sanaitane gulu, anangothira m'mbale kupita nazo kuofesi nkunena kuti, “Madamu, tapempha muone nokha zimene zabwera lerozi.” Matumba amenewo anabwezedwa. Kuyambira pamenepo ankalemba m'kope makilogalamu otuluka tsiku lililonse, ndipo mitanda ya nsima inasiya kuchepa mosadziwika bwino kumapeto kwa mwezi.

Anakonzanso mzere. Poyamba unali wa amphamvu, anyamata a mpira kulowerera kutsogolo, atsikana ndi anzathu olumala kutsalira mpaka ndiwo kutsala msuzi wokhawokha. Anagawa mawindo, anaika nthawi ya makalasi mosinthana, ndipo anzathu ovutika kuyenda ndi osaona anayamba kulandira osaima pamzere. Amene adokotala anawaletsa nyemba chifukwa cha zilonda za m'mimba analembedwa mayina kuti azipatsidwa ndiwo zina, izi zinkayenda masabata ena, masabata ena ayi, kutengera zimene zili musitolo. Kukoma kwa chakudya sikunasinthe, kabichi anali wamadzi mpaka tsiku lomaliza, koma pamenepo sindingawadzudzule ana anzanga, ndalama yophikira siinali m'manja mwawo.

Teremu yomweyo ndi imene kolera inavuta kwambiri m'dziko muno, mliri uja unayamba mu 2022 nkupitirira mpaka 2023 umene unapha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre kuchedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Pamalo pamene anthu mazanamazana akudyera limodzi ndi kugwiritsa zimbudzi zomwezomwezo, madzi kumipopi nkumasiya masiku ena, mantha analipo ndithu. Komiti ya zaumoyo inagula ndowa zokhala ndi timipopi nkuika pakhomo la kafi ndi pahositelo iliyonse, inakatenga kolorini kuchipatala chapafupi, inalemba ndandanda wa otunga madzi kumjigo madzi akasiya. Chovuta pa zinthu ngati izi si kugula ndowa, ndi kuonetsetsa kuti sabata yachisanu ndowayo ikadali ndi madzi ndi sopo, ndipo anakwanitsa, m'mawa uliwonse umawaona ndi zigubu asanapite mukalasi. Apa ndikuwapatsa zonse.

Nkhani ya atsikana ndi yosakanikirana. Njira yochokera kumakalasi kupita kuhositelo za atsikana inali ya mdima, mababu anapsa kalekale, nde pochokera kowerenga usiku amayenda m'magulu ndi matochi a pafoni. Woimira atsikana mu komiti anailimbikira nkhaniyi mpaka mababu anaikidwa, ena ogulidwa ndi phindu la shopu. Anapemphanso kuti kumabafa kuikidwe zitini zotayamo mapadi komanso malo ootchera, zinatheka. Koma pa nkhani yovuta kwambiri, ya atsikana ovutitsidwa kaya ndi ophunzira anzawo kaya ndi anthu amene ali ndi mphamvu pa malikisi awo, yuniyoni inangoika kabokosi ka madandaulo pakhomo la ofesi yawo, poonekera, pamene aliyense wodutsa akuona amene akuponyamo pepala. Ndani angaponyemo? Ndipo makiyi ake anali ndi mlembi, mnyamata. Atsikana ambiri ankangopita mwakachetechete kwa a metroni kapena kwa lekichala wina wamayi amene amamukhulupirira, kapena kungokhala chete. Komiti ya anthu oposa khumi kukhala ndi atsikana awiri atatu pakoleji pamene atsikana ndi ochuluka chonchija, zotsatira zake ndi zimenezi.

Za zisangalalo sindikhalitsapo. Mpira wa pakati pa mahositelo unali bwino, netibo inali bwino, kwaya ndi magule a makolo madzulo a Loweruka ndinkazikonda chifukwa umaona beni, malipenga, chisamba, chimtali, aliyense kuonetsa zakwawo, ndipo zimathandizanso pa phunziro la Expressive Arts. Koma madisiko anachuluka, ndipo pa manila paja zimaoneka poyera kuti ndalama yaikulu ikupita kwa DJ ndi masipika. Ubwino wake tinkadziwa chifukwa msungichuma sanabise. Kuipa kwake ngakhale tinadziwa palibe chinasintha, poti a zisangalalo ndi amene anali ndi gulu lokuwa pamisonkhano.

Tsopano TP, imene yandichititsa kuchotsa malikisi awiri athunthu.

Amene simunapiteko, zimakhala chonchi. Amakutumizani kagulu kusukulu ya pulayimale, nthawi zambiri yakumudzi, mumapatsidwa nyumba kapena chipinda chimene sukulu ndi makolo akonza, mumaphika nokha, mumagawana makalasi awiriawiri, mphunzitsi wokuyang'anirani ali pompo ndipo alekichala amabwera mwa apo ndi apo kudzakuonani mukuphunzitsa. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni nthawi imodzi, sukulu zambiri zakumudzi aphunzitsi sanakwanirebe, ndiye iwe wophunzira ukafika amakulandira ngati mphunzitsi wathunthu, ntchito yonse pamutu pako. Usiku kulemba malesoni pulani ndi tochi, m'mawa kutunga madzi, kenako kukaima kutsogolo kwa ana. Ndi nthawi imene umakula, komanso ndi nthawi imene uli wekha kwambiri.

Nyumba imene tinapatsidwa ife chitseko chake chinalibe loko weniweni, timatsekera ndi mpini wa khasu mkati, denga lodontha mbali imodzi moti mvula yoyamba itagwa machati athu onse a manila ananyowa mitundu nkusungunuka. Ife zinali bwinoko. Anzathu ena atsikana kusukulu ina amagogodedwa usiku ndi anthu oledzera, ena anadwala malungo chipatala chili kutali kabaza palibe yolipira, wina anasemphana ndi mphunzitsi womuyang'anira mpaka kumamuopseza kuti samusainira mafomu. Alawansi imachedwa, pena miyezi kudutsa, ndipo pamene inkafika inali itatha kale mungongole za pagolosale. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tili komweko, mitengo ya shuga, sopo, mafuta ophikira, thiransipoti, zonse kukwera sabata yomweyo, ndalama m'thumba ili yomweija. Ndikukumbukira wagolosale wa pamalopo akufufuta mitengo pakatoni ndi kulemba ina ife tili pamzere.

Nthawi yonseyi yuniyoni inali kuti? Teremu yathu yoyamba ya TP pulezidenti ndi msungichuma anali pakoleji akukonzekera mayeso awo omaliza ndi phwando lotsanzikana. Ukaimba foni yankho lake linali lakuti, “Achimwene tamva, tikafikitsa kwa akuluakulu,” basi kuthera pomwepo. Teremu yachiwiri ya TP iwo anali atamaliza apita kwawo, wachiwiri kwa pulezidenti amene anali wa gulu lathu nayenso anali kumudzi kwina akulimbana ndi denga lake lodontha, netiweki yokwera pachulu, ndipo pakoleji panali ongofika kumene ndi kakomiti kawo kongogwirizira amene sankatidziwa ngakhale nkhope. Ndiye kuti miyezi yonse imeneyo anthu mazana olipira ndalama ya yuniyoni analibe owayankhulira. Gulu la WhatsApp linalipo koma linali longodandauliramo tokhatokha, wina alemba kuti alawansi yalowa kwa ena, onse kuthamangira kwa ejenti, kupeza ndi bodza.

Chimene chimandipweteka ndi chakuti zofunika sizinali zodula. Munthu mmodzi pa zoni iliyonse wosankhidwa tisananyamuke, wopatsidwa mayunitsi kuchokera ku phindu la shopu, woti Lachisanu lililonse aziimbira sukulu za m'dera lake nkulemba mavuto, mndandandawo uzifika patebulo la a dini ndi oyang'anira TP Lolemba. Kathumba kapadera kobwereketsa wodwala ndalama ya kabaza, kubweza alawansi ikabwera. Wina woti azitsatira nkhani ya alawansi kuofesi nkumatiuza zoona, kaya ndi zowawa, kuti mwezi uno musayembekezere, munthu udziwe pokonzekera. Komanso kulemba mbiri ya nyumba za sukulu iliyonse, iyi ilibe chitseko, iyi mjigo uli kutali, iyi musatumizeko atsikana okhaokha, kuti gulu lotsatira lisakagwere m'dzenje lomwelo. Ndalama ya madisiko awiri ikanakwana zonsezi.

Titabwerera pakoleji nkhani imeneyi ndi imene inatentha pa kampeni. Aliyense woima pa pulatifomu amalonjeza kuti ana a TP sadzavutikanso ngati ife, manja kuomba, holo yonse kugwedezeka. Komiti ya gulu lathu inalowa. Teremu yachitatu ang'ono athu ananyamuka ndi matilesi awo pa lole, ndipo zinabwerezeka ndendende. Mayeso anayandikira, phwando lotsanzikana linafuna bajeti, ma T-shirt a gulu anafuna misonkhano yosatha, a kumudzi aja foni zawo zimangoitana. Anthu omwewo amene anagona m'nyumba zodontha miyezi ingapo yapitayo. Apa ndi pamene ndinaona kuti vuto si mtima wa munthu, ndi malamulo a yuniyoni amene analembedwa ngati kuti tonse timakhala mkati mwa mpanda zaka ziwiri zonse. Mulibe udindo ngakhale umodzi wa TP m'menemo, muli wa masewera, wa zisangalalo, wa zakudya, wa zipembedzo, koma gawo limodzi mwa magawo atatu a maphunziro athu lilibe mwini.

Kupatsana ntchito nakonso nkosalongosoka. Msungichuma wabwino uja pochoka anasiya faelo yonse, makope, mndandanda wa kumene amaoda katundu motchipa, zonse m'katoni kuofesi ya a dini popeza womulandira anali ku TP. Pobwera ife katoni inapezeka koma faelo ya malisiti munalibe, shopu inakhalanso yotseka teremu yathunthu, shuga wina anauma mushelefu, makina a fotokope makoswe analowamo. Msungichuma wa gulu lathu anayesetsa kuyambiranso, manila ya Lolemba inabwerera ngakhale imadumpha masabata ena, koma taganizani chaka chilichonse kuyamba pa ziro. Shopu imene ikanakhala itagula kale makina atsopano ndi sola yake ikungozungulira pamodzimodzi.

Pa kayankhulidwe ndi akuluakulu a koleji, makomiti onse awiri ndiwayamikire. Tamvapo kangati za makoleji otsekedwa chifukwa cha zionetsero, magalasi kuswedwa, ophunzira kubwezedwa kwawo nkudzalipitsidwa zowonongeka? Kwathu sizinafike pamenepo ngakhale sabata ina madzi atasowa mkwiyo unafika pakhosi. Pulezidenti wa gulu loyamba anali ndi luso lake, amalowa muofesi ndi pepala la mfundo zitatu zokha osati makumi awiri, amayamba ndi “Bwana pulinsipolo, tabwera ngati ana anu,” koma potuluka amafuna tsiku lenileni loti chinthucho chichitike, ndipo madzulo omwewo amaima kukafi kutiuza zimene agwirizana ndi zimene akanidwa. Ena ankamunena kuti wagulidwa chifukwa sakuwa. Ine sindikugwirizana nawo, mababu anayaka, nyemba zinabwezedwa, thanki inakonzedwa. Kumene ndimamudandaula ndi kwakuti luso lomwelo sanalitengere pa nkhani yathu ya kumidzi, mwina chifukwa ife sitimaima pakhomo pake m'mawa uliwonse.

Pali chinthu chinanso chimene anthu sachiona. Ophunzira amenewa mawa ndi amene adzakhale ahedi, adzasunge ndalama za sukulu, adzakhale pansi ndi makomiti a makolo ndi mafumu, ena adzalowe mu bungwe la aphunzitsi la TUM kuyankhulira aphunzitsi anzawo. Mtsikana amene waphunzira kumata malisiti poyera ali ndi zaka 22 sadzavutika kufotokozera makolo mmene ndalama yotukulira sukulu yayendera. Nchifukwa chake zimandikhudza ndikamaona chisankho cha pakoleji chikuyendera kwanu nkuti, anthu kuvota potengera chigawo kapena mpingo, ofuna mipando kugawa mandasi ndi mayunitsi usiku. Zinalipo kwathu, osati kwambiri koma zinalipo, ndipo amene anapambana mwa njira imeneyo ndi omwe aja sankaoneka pa ntchito yotunga madzi.

Nde kwa inu amene mukupita, ndalamayo lipirani koma tengani lisiti. Shopu ikakhala yotsegula gulani pomwepo, phindu lake ndi lanu lomwe, ndipo manila ya ndalama ikapanda kuoneka pa bodi funsani pamsonkhano woyamba, osadikira mphekesera. Mapepala ofunika pangani fotokope msanga osayembekeza sabata yopereka. Pa chisankho yang'anitsitsani mpando wa msungichuma ndi wa zakudya kuposa wa pulezidenti, ndipo atsikana imani nawo pa mipando ikuluikulu osati wa woimira atsikana wokha. Koposa zonse, teremu yachiwiri ija pamene muli pamodzi ndi akuluakulu anu, kakamirani kuti malamulo a yuniyoni asinthidwe mulowe udindo wa TP ndi kathumba kake, oimira mazoni asankhidwe mayina awo ndi manambala amatidwe pa bodi lole isanabwere kudzakutengani, komanso makiyi a shopu ndi faelo zizisiyidwa m'manja mwa munthu wodziwika posainirana pamaso pa a dini. Mukanyamuka zisanatheke zimenezo, mudzaziyambanso mutabwerako.